Phazi la Amuna Anga Mufiriza

Njinga ya amuna anga itafika inakhazikika pakanjira kolowera m'nyumba, pomwe aliyense amayenera kudutsa chammbali. Nyumba za ku Bradford kuno n'zogundana ndi zopapatiza, moti m'mawa uliwonse ndikamapita kuntchito pedulo yake inkandimenya pamsongolo. Matayala ake anali onenepa ngati a njinga yamoto. Amuna anga anandifotokozera kuti ndi njinga yoyendera pachipale chofewa chimene chimagwa kuno nthawi yozizira, kuti matayala otero samira ndipo saterereka, makamaka ukawaphwetsako mpweya pang'ono. Ankafotokoza ngati anabadwira m'chipalemo, munthu woti kumudzi mphepo ya mu Juni yokha inkawagoneka ndi chimfine.

Anayambitsa ndi dokotala. Anawapeza ndi shuga n'kuwauza kuti azilimbitsa thupi, ndipo ine monga namwino ndinaombera m'manja. Anapeza kagulu ka azungu okwera njinga zoterezi Loweruka lililonse m'zitunda za kumtunda kwa tauni, kopanda mitengo, kongomera tchire lalifupi pakati pa mipanda ya miyala. Mutauni chipale sichikhalitsa, chimasanduka matope akuda tsiku lomwelo, koma kumtundako chimagona masiku. Tsiku lina ndinakwera basi kukawaonerera poyambira kanjirako. Ndinawaona akukwera chitunda pakati pa anzawowo, atavala chisoti ndi magalasi, nthunzi ikutuluka m'kamwa, matayala akulira khwakhwa pachipale. Ndinanyadira. Ndinawajambula n'kutumiza chithunzi kwa alamu anga kumudzi. Ndikakumbukira mmene ndinkamwetulira tsiku limenelo, ndimafuna kudzimenya khofi.

Chaka chomwecho tinalandira mtsikana wochokera kwathu, wobwera kudzagwira ntchito yosamalira okalamba. Sanali m'bale wanga. Abusa anangolengeza kutchalitchi kuti pali mwana wathu alibe pofikira, ine n'kukweza dzanja. Anakhala nafe miyezi ingapo. Ndinamupatsa jekete langa, ndinamuphunzitsa kukwera basi, ndinamusonyeza sitolo yogulako ufa ndi therere. Ankanditchula kuti aanti, ndipo pondipatsa madzi ankapinda mawondo ngati mwana wolangidwa bwino. Atapeza nyumba yakeyake chakumtunda, kufupi ndi msewu wopita kuzitunda kuja, ndinamugawira mapoto anga n'kukamusiya ndekha.

Chinayamba kundidabwitsa ndi njala. Poyamba amuna anga ankachokera kuzitunda ali ndi njala yoopsa, akunjenjemera, kufuna chakudya asanavule nsapato. Kenako anayamba kubwera okhuta. Ankangolawa n'kunena kuti shuga safuna kudya kwambiri. Njinga nayo inayamba kubwera yoyera. Kale ndinkalalata chifukwa cha matope amene inkasiya pansi, tsopano ndinkakolopa pabwino. Jekete lawo linkamveka mafuta odzola amene ndinkawadziwa bwino, chifukwa botolo loyamba ndinamugulira mtsikanayo ndine.

Ndinachita zimene mkazi wolemekeza banja amachita. Sindinapite kukamenya munthu, ndinaitana ankhoswe. Ankhoswe athu enieni ali kumudzi, choncho kuno anatiimira ndi akuluakulu awiri: bambo wina wa ku Wakefield, mkulu wa mpingo, amene amuna anga amawatcha amalume, ndi mayi wina wa ku Manchester, namwino wopuma pantchito, amene ine ndimawatcha azakhali. Anabwera Lamulungu masana. Ndinafotokoza za njala, za matope, za mafuta. Ndikulankhula ndinkadzimva ndekha kuti zikumveka ngati nkhani za munthu wosowa tulo.

Amuna anga anadikira ndimalize, kenako analankhula mofatsa, manja ali pamawondo.

"Amalume, musawaweruze mayiwa. Ndi stress. Ma shift awachulukira. Masiku ano amaiwala chitofu chikuyaka, amalankhula okha. Ine ndakhala ndikubisa pofuna kuwasungira ulemu."

Sindinaiwalepo chitofu m'moyo wanga. Koma ndinaona azakhali akundiyang'ana ndi maso achisoni, maso amene ife anamwino timayang'anira wodwala wosadziwa kukula kwa matenda ake. Amalume anati mlandu umafuna umboni, ndipo kununkhiza jekete si umboni. Azakhali anati banja ndi kupirira, ndipemphe tchuthi kuntchito ndipumuleko. Anapemphera n'kupita. Sabata yotsatira kutchalitchi amayi ankandigwira dzanja nthawi yaitali, kumandifunsa ngati ndikugona bwino. Makiyi a kukhitchini ya tchalitchi, amene ndinasunga zaka zambiri, anawapereka kwa wina, ati andipepuzireko katundu. Mtsikana uja anandikumbatira pakhomo nati, "Aanti, tikukupemphererani."

Chibwenzicho chinandipweteka, koma izi zinandipsetsa mtima koposa. Amuna ozembera akazi awo ndi ambiri, koma awa anandisandutsa wamisala pamaso pa anthu kuti iwo aoneke oyera. Kuyambira tsiku limenelo ndinkafuna chinthu chimodzi chokha: anene ndi pakamwa pawo, pamaso pa anthu awiri omwewo, kumene njinga ija inkapita. Kupepesa kwa kuchipinda sindinkakufuna. Ndinkafuna ndiwaone akuyaluka monga ndinayalukira ine, ndipo ndinali wokonzeka kudikira. Ndinapitiriza kuphika, kuchapa ndi kuwatsanzika bwino Loweruka lililonse, iwo n'kumaona ngati nkhani yatha. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Chipale chenicheni chinagwa mu Januwale, ndipo Loweruka lina tinadzuka tauni yonse ili mbee. Ndinayenera kukhala kuntchito tsiku lonse. Ndinatuluka ndi chikwama changa kukadikira basi, koma sinabwere, chifukwa mabasi a kumtunda kwathu anali ataimitsidwa. A kuntchito anaimba foni kuti apeza wina wokhala pafupi, ine ndibwere mawa. Pobwerera kunyumba ndinapeza njinga palibe. Kuchokera pakhomo pathu panali mzere umodzi waukulu wa tayala, wooneka bwino ndi timano take tonse, ukukwera msewu umene galimoto inali isanadutsemo. M'dera lathu munalibe njinga ina ya matayala otero.

Kumudzi mbuzi ikabedwa mvula itagwa, amuna amalonda mapazi mpaka pakhomo pa wakubayo. Amuna anga anakulira komweko, koma zaka zoyenda paphula zinawaiwalitsa zimenezi. Ndinaulonda mzerewo. Unadutsa pasitolo, unakhota pasukulu, unakwera mpaka pamphambano pomwe pali chikwangwani cholozera kuzitunda. Pamenepo panali mizere ina yambiri ya anzawo aja, yonse yolowera kumanzere, kukwera kanjira koyera mpaka kukasowa kuseri kwa mpanda wa miyala. Patali ndinkaona majekete awo ofiira ndi achikasu akuyenda pachitunda. Mzere wathu wokha ndi umene unakhotera kumanja. Ndinaima kanthawi pamphambanopo, ndikulakalaka ndikanakhaladi wamisala monga ankanenera. Kenako ndinautsatira mpaka pageti la nyumba imene ndinakasiyako mapoto.

Njinga inali italowetsedwa kuseri, koma pageti panali phazi la nsapato yawo, pomwe anatsikira, lakuya ndi looneka bwinobwino. Mtima unkandiuza kuti ndigogode, kapena nditole mwala ndiswe zenera. Koma ndinadziwa mmene zikanathera. Aneba akanaimbira apolisi kuti pali mayi akukuwa mumsewu, ntchito yanga ikanagwedezeka, ndipo amuna anga akanauza aliyense kuti mwaona zimene ndinkanena zija. Chithunzi cha pafoni nacho akanachipezera mawu, poti pakamwa pawo sipasowa chonena.

Ndikuyang'ana phazilo ndinakumbukira apongozi anga aamuna. Anamwalira miyendo itatupa ngati mitondo, ndipo ngakhale achipatala ananena kuti ndi mtima, banja lonse mpaka lero limati anawatapa phazi. Kwathu anthu amakhulupirira kuti wina akatapa dothi la pomwe waponda n'kupita nalo kwa sing'anga, miyendo yako ili m'manja mwake. Amuna anga, ndi Baibulo lawo ndi tayi wawo wa Lamulungu, tikapita kumudzi sadutsa pamchenga wonyowa osafufuta pomwe aponda.

Ndinatulutsa kontena ya chakudya changa cha kuntchito, ndinakhuthulira mpunga ndi nyemba m'bini ya mtsikanayo, n'kugwada. Ndinatapa phazilo ndi chivundikiro, mosamala monga timanyamulira keke, zidindo za nsapato zili zonse. Ine sindidziwa sing'anga aliyense, ndipo zamankhwala sindizikhulupirira. Kwa ine zinali zokwanira kuti iwo amazikhulupirira.

Kunyumba ndinaika kontenayo mufiriza, pamwamba pa nsomba, pomwe wotsegula aliyense sangalephere kuiona. Anaipeza madzulo a tsiku lotsatira akufuna masoseji. Ndinali kutsuka mbale nditawafulatira. Ndinamva chitseko cha firiza chikutseguka, kenako chivundikiro, kenako zii.

"Mayi, ichi n'chiyani?"

"Phazi."

"Phazi la ndani?"

"Yezani nsapato zanu, mwina likukwanani."

Anasuzumiranso m'kontenamo, firiza ikungolira.

"Mwalitenga kuti?"

"Pomwe munaponda. Kodi dzulo munaponda malo angati?"

Anayesa kuseka koma sizinatheke. Anati izi n'zachikunja, zosayenera mayi wa mumpingo. Ndinavomera kuti n'zachikunja ndithu, ndipo ndinawauza kuti akhoza kukalitaya okha ngati akufuna, kungoti likasungunuka ine sindikudziwa chimene chichitike. Anabwezera chivundikiro ndi nsonga za zala n'kutseka firiza pang'onopang'ono. Masoseji sanawadye.

Masabata otsatirawo ndinadya ndi kugona bwino kuposa nthawi ina iliyonse chibwerere kuno. Njinga inaima osasuntha, ngakhale chipale chinagwanso. Mmodzi wa azungu aja, bambo wachikulire wa ndevu, anafika mpaka pakhomo kudzawatenga. Anati kumtunda kwakoma, chipale chauma pamwamba, njinga ikungoyenda yokha, tsiku lotere silibwera kawiri pachaka. Amuna anga anati bondo likuwavuta. Mzunguyo anandiyang'ana ine nati ali ndi mwayi poti ali ndi namwino m'nyumba, ine ndinavomera kuti mwayi ali nawo ndithu.

M'mawa uliwonse ankakhala pamphepete pa bedi n'kumadina akakolo awo ndi chala, kuona ngati patsala dzenje. Ankandifunsa ngati ndikuona kusintha. Ndinkayang'anitsitsa monga namwino, n'kunena kuti, "Wakumanzerewu mwina," n'kupitiriza kusita yunifolomu yanga. Ndikamatsegula firiza ndinkaimba nyimbo ya m'buku motsitsa mawu. Tsiku lina ndinasuntha kontenayo n'kuibisa pansi pa mapaketi a nandolo, ndipo pobwera kuntchito ndinawapeza atatulutsa zonse, atagwada pansi, zala zitauma ndi kuzizira. Akamapita kwinakwake ankabwerera pakhomo kukaona ngati chitseko cha firiza chatsekeka bwino. Munthu wosadziwa pomwe pamakhala mchere anasanduka mlonda wa kukhitchini.

Mtsikana uja ayenera kuti anauzidwa. Lamulungu lina tinakumana pakhomo la tchalitchi, pomwe chipale chinali chisanakokoledwe. Sindinamuyang'ane kumaso. Ndinayang'ana pansi pomwe anaima, nthawi yaitali ndithu, kenako ndinati, "Nsapato zabwino." Anadumphira pasimenti ngati waponda moto. Kuyambira pamenepo anayamba kupemphera kwina.

Kenako mwendo wa amuna anga unayambadi kuwawa. Ine ndikudziwa kuti munthu wa shuga akasiya kulimbitsa thupi n'kumangokhala ndi mantha, thupi limadandaula, koma sindinawauze. Ankatsimphina pokwera masitepe, ine ndili m'munsi kumvetsera, mtima wanga uli myaa. Mankhwala awo a shuga ndinkawaikira patebulo tsiku lililonse pamodzi ndi kapu ya madzi, chifukwa sindinkafuna afe, ndinkafuna alankhule. Chisoni chinkabwera nthawi zina, koma ndikakumbukira maso a azakhali aja chinkabwerera chokha.

Ulendo uno amuna anga anaitana okha ankhoswe. Ndinawamva akunong'ona pafoni kuti, "Amalume, bwerani, zinthu zafika poipa, moyo wanga uli pachiswe." Anabweranso Lamulungu masana, onse awiri pasitima. Ndinawalandira pabalaza, ndinawathirira tiyi, ndipo ketulo ndinaiwiritsanso n'kuiika pafupi ndi mwendo wa mpando wanga.

"Mayiwa anditapa phazi," anatero amuna anga. "Lili mufiriza. Mwendo wanga ukutha."

Azakhali anandiyang'ana ndi maso omwe aja. Ndinanyamuka, ndinakatenga kontena, ndinaiika patebulo pakati pa makapu n'kuitsegula. Amalume, mkulu wa mpingo wathunthu, anabweza mapazi awo pansi pa mpando.

"Mwana wanga, n'zoona zimenezi?" anafunsa azakhali.

"N'zoona, azakhali. Amalume anati mlandu umafuna umboni. Ndi uwu."

"Unalitapa kuti?"

"Mwini phazi alipo. Afunseni."

Amalume anatembenukira kwa amuna anga. Iwo anati pamsewu. Amalume anafunsa kuti msewu uti. Iwo anati wopita kuzitunda, pomwe anaima pang'ono kupereka moni kwa munthu. Ndinanyamula ketulo, nthunzi ikutuluka, n'kuipendeketsa pamwamba pa kontenayo.

"Wongopereka moni sizimugwira," ndinatero. "Tiyeni tione."

Anaimirira msanga, mwendo wodwala uja osaukumbukira.

"Mayi, chonde. Ikani pansi, chonde."

"Munaponda pati?"

Anatchula geti, anatchula mwini nyumba. Azakhali anaika kapu yawo patebulo n'kufunsa kuti zinayamba liti. Amuna anga anayang'ana ketulo, anayang'ana pansi, kenako anati zinayamba mtsikanayo asanasamuke, ine ndikakhala kuntchito. Azakhali anafunsa ngati zinkachitikira m'nyumba muno. Iwo anati inde, kumtunda, m'chipinda chimene mtsikanayo ankagona. Chipinda chimenecho ndi cha mwana wathu wamkazi, yemwe nthawi imeneyo anali kuyunivesite, ndipo akabwera kutchuthi ankagona pabedi lomwelo. Ichi sindinkachidziwa. Madzi pang'ono a m'ketulo anadonthera patebulo, iwo n'kudzidzimuka ngati adonthera pa iwo.

Ndinkafuna kulira, koma ndinali ndisanamalize.

"Nanga chitofu? Ndinaiwalapo chitofu chikuyaka?"

"Ayi."

"Ndimalankhula ndekha?"

"Ayi. Ndinanama."

"Auzeni azakhali, osati ine."

Anawauza, mawu akuchokera pansi pa chibwano. Azakhali anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali ndi nsonga ya chitenje. Atawavalanso anati, "Mwana wanga, tinakulakwira," ndipo anandiyang'ana monga munthu amayang'anira mnzake wanzeru zake. Ndinaika ketulo pansi. Amalume anatsokomola n'kuyamba zoti mapanga awiri avumbwitsa, zoti wolakwa akavomera ndi pakamwa pake Mkhristu amakhululuka. Anamaliza ndi kunena kuti phazilo libwezedwe pomwe linatapidwa, monga mwa mwambo wake, kuti nkhani ithe.

Nthawi yonseyi pabalaza panali potentha, ndipo phazi linali litayamba kale kusungunuka. Zidindo za nsapato zinali zitafufutika, kontena ili pafupifupi kudzaza madzi akuda, timiyala ta mumsewu titakhala pansi. Amuna anga maso anali pamadzipo.

"Libwezedwe ndithu," ndinatero. "Koma ine kumeneko sindipondakonso. Mwini wake apite nalo."

Amuna anga anayang'ana njinga, ine ndinati panjinga madziwo atayikira. Anavala jekete n'kunyamula kontena ndi manja awiri. Chivundikiro chinali m'thumba la epuloni yanga, ndipo sanalimbe mtima kuchipempha. Ndinawatsegulira chitseko.

"Mukakafika mukagogode," ndinawauza, mokweza kuti alendo amve. "Akakulandirani, zovala ndikutumizirani."

Amalume anayamba kunena kanthu, azakhali n'kuwagwira pamkono. Ndinaima pazenera. Msewu unali woterera, chipale cha dzana chitaumirira ngati galasi. Amuna anga ankakwera chitunda pang'onopang'ono, kuponda mwaphaziphazi, zigongono zitamatira m'nthiti, maso ali m'kontena kuopa kuti dontho lingatayike. Galimoto inawaimbira hutala, iwo osadzutsa mutu. Ndinawaonerera mpaka anakhota pasitolo, ndipo sindinamve chisoni ngakhale pang'ono.

Kenako ndinakwera kuchipinda cha mwana wanga. Ndinayalula zofunda, ndinakoka matiresi n'kuyamba kulimbana nawo pamasitepe opapatiza aja, misozi ikutsika tsopano popanda woiletsa. Matiresiwo anakanirira pokhota, ine ndikukoka, iwo osasuntha. Ndinamva azakhali akuvula nsapato m'munsi. Ndi msana wawo wovutawo anakwera masitepe n'kugwira mbali inayo.

"Kweza kwakoko," anatero. "Tikataye panja."